Anthu 8 Loweruka madzulo: ndiphike chiyani kuti nanenso ndikhale nawo pansi?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira dzana. Loweruka likubwerali madzulo tikulandira alendo, anzawo a bambo a kunyumba pamodzi ndi akazi awo, ndiye kuphatikiza ife tomwe tikhala anthu 8. Ulendo watha titaitana anthu ndinaphika zinthu 7. Alendo anafika 6 koloko ine ndili thukuta kamukamu, nkhuku ikadali pamoto, mpunga utapserera kunsi chifukwa maso anga anali pa tchipisi. Iwo ankaseka pabalaza, ine ndikungomvera kukhitchini. Pomwe ndinkakhala pansi n'kuti ena ayamba kale kuyang'ana nthawi, ndipo chakudya changa ndinadya chozizira iwo atapita, nditaimirira pafupi ndi sinki. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa anthuwo ndinawaitana kuti ticheze. Ulendo uno ndikufuna zochepa koma zokoma. Ndili ndi sitovu ya mapuleti awiri, uvuni waung'ono ndi firiji. Wondithandiza kuphika ndilibe, ana ndi aang'ono. Ndiphike chiyani?

Mayi a Tadala:
Pepani achemwali, ambirife tinadutsamo momwemo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Vuto silinali manja anu ayi, koma kuti zinthu zonse 7 zinkafuna inuyo pa nthawi imodzi. Tchipisi mumaziimirira, nkhuku yokazinga mumaiimirira, mpunga nawo umafuna diso.

Ine masiku ano ndisanasankhe chophika ndimadzifunsa kuti, kodi ichi chingadikire? Chomwe sichingadikire sindichiphikira alendo. Ndikanakhala inu ndikanaphika nyama ya ng'ombe ya msuzi Lachisanu madzulo, mpunga Loweruka, saladi wa kabichi, n'kumalizira ndi zipatso. Nyama ya msuzi ikagona mufiriji imakoma kuposa tsiku lomwe mwaiphika, chifukwa anyezi, adyo ndi tomato zimakhala zalowerera. Musagule nyama yofewa ya mnofu wokhawokha, gulani yolimba ija ya pamwendo kapena paphewa, yokhala ndi mitsempha. Mukaiphika pamoto wochepa maola awiri ndi theka kapena atatu, mitsemphayo imasungunuka, nyama n'kufewa, msuzi n'kukhala wa matamata popanda kuthiramo ufa.

NaNgozo:
Ine ndiye sindikugwirizana nazo kwenikweni. Anthu avale bwino, achoke kwawo, adzapeze poto mmodzi wa nyama ndi mpunga basi? Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndi tsiku limodzi lokha, munthu umapirira. Ine ndikaona tebulo lili mbee ndimachita manyazi, zimakhala ngati sindinawawerengere.

Mayi a Tadala:
A NaNgozo, ulemu wa mlendo sindikuukana. Koma taganizani, mwapita kwa mnzanu yemwe munamusowa, mbale zili mbwee patebulo, iye osaoneka mpaka nthawi yotsanzika. Mumabwerako mtima uli m'malo? Ine ayi. Komanso chakudya chochepa mitundu sichitanthauza chochepa muyezo. Poto akhale wodzaza, aliyense awonjezere mmene akufunira.

Aphiri:
Ndilowererepo. Ndinagwirapo ntchito m'khitchini ya hotela zaka zingapo, ndipo chomwe ndinaphunzira kumeneko n'chakuti simuyamba ndi kuwerenga zakudya, mumayamba ndi kuwerenga moto womwe muli nawo. Mayi Nachisale ali ndi mapuleti awiri ndi uvuni. Ndiye pa ola lomaliza zinthu zotentha zisapitirire zitatu. Puleti imodzi mpunga, ina nyama yongotenthetsa, uvuni uli chabe. Apa a NaNgozo atha kusangalala, chifukwa mu uvunimo mutha kulowa nkhuku popanda kuwonjezera ntchito. Uvuni suimiriridwa.

Koma ikhale ya ntchafu ndi miyendo, osati nganga. Nganga ilibe mafuta ambiri, mukangochedwa mphindi 10 yauma ngati chiguduli. Ntchafu zimapirira, ngakhale alendo achedwe zimakhalabe zofewa. Zithireni mchere, adyo, ndi mafuta pang'ono Lachisanu usiku, zigone mufiriji. Loweruka muzindandalike pathireyi khungu lili m'mwamba, zisagundane, madigiri 200, mphindi 40 mpaka 45.

NaNgozo:
Eya, apo ndiye mwayamba kulankhula. Nyama ziwiri patebulo, maso a munthu amakhuta.

Nachisale:
Zikomo nonse. Zayamba kuoneka. Nanga muyezo? Ine vuto langa lina ndi limenelo, ndimaopa kuperewera ndiye ndimaphika ngati kukubwera anthu 20.

Aphiri:
Nyama yopanda mafupa timawerengera magalamu 150 mpaka 200 pa munthu ikadali yaiwisi, ngati ndi yokhayo. Poti pali nkhukunso, kilogalamu imodzi ndi theka ya ng'ombe ikukwanirani bwinobwino. Ngati ili ndi mafupa fikani makilogalamu awiri. Nkhuku zidutswa 10, kuti wofuna kubwereza apeze. Mpunga wosaphika magalamu 75 pa munthu, ndiye anthu 8 ndi magalamu 600, omwe ndi makapu atatu a kapu ya mamililita 250. Ngati mukudziwa kuti abambowo amadya mwamphamvu, ikani makapu anayi. Mpunga umafufuma pafupifupi katatu, musanyengedwe ndi kuchepa kwake mukamautsuka.

Chinanso pa nyama ija. Musaikhuthulire yonse mupoto nthawi imodzi. Ipukuteni iume, mafuta atenthe, muziika pang'onopang'ono, mwina maulendo atatu, chidutswa chilichonse chikhudze pansi pa poto. Muisiye osaitakasa mpaka itafiira, kenako mutembenuze. Mukaunjika imatulutsa madzi n'kuyamba kuwira, imatuwa, ndipo fungo lija la nyama yokazinga silibwera. Kufiira kumeneko n'komwe kumabweretsa kukoma, ndipo asayansi amakutchula ndi dzina la Maillard, katswiri wa ku France yemwe anakufotokoza mu 1912. Zokanirira zofiirira zotsala pansi pa poto musataye. Ikanimo anyezi, kenako madzi pang'ono, muzipale ndi mthiko zisungunukire mumsuzi. Ntchito imeneyi imadya mphindi 20 ndipo imadetsa sitovu, n'chifukwa chake ndi ya Lachisanu.

Chisomo:
Ine ndikuphunzira nawo pano. Funso langa, bwanji mpunganso osangophikiratu Lachisanu lomwelo kuti Loweruka kukhale kungotenthetsa zonse?

Mphatso:
Chisomo, pa mpunga pokha samalani. Ndimagwira ntchito zachipatala ndiye nkhani iyi imandikhudza. Mumpunga wosaphika mumatha kukhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, ndipo timbewu take sitifa mpunga ukamaphikidwa. Mukausiya poto ali pasitovu usiku wonse, kapena maola ambiri pamalo ofunda, timachulukana n'kutulutsa poizoni yemwe saphedwa ndi kutenthetsanso. Munthu amayamba kusanza patangopita maola ochepa atadya. Sikuti mpunga wogona ndi woletsedwa, koma umafunika kuuyala kuti uzizire msanga, kulowa mufiriji pasanathe ola limodzi, kudyedwa tsiku lotsatira, ndi kutenthetsedwa kamodzi kokha mpaka nthunzi ili tolotolo. Pa mpunga wa anthu 8, chintchito chimenecho chikuposa kungouphika Loweruka.

Nyama ya msuzi nayonso musaiike mufiriji ndi chipoto chake chachikulu, pakati pamachedwa kuzizira. Igaweni m'makontena awiri kapena atatu osazama, ilowe mufiriji pasanathe maola awiri. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chozizira chisungidwe pansi pa madigiri 5, chotentha pamwamba pa madigiri 60. Pakati pa manambala awiriwa m'pomwe tizilombo timaswana msanga. Loweruka potenthetsa, msuzi uchite kubwata ndithu, osati kungofunda.

Mayi a Tadala:
Ndipo ubwino wina wogoneka nyama mufiriji, m'mawa mupeza mafuta onse aundana pamwamba. Mumangowachotsa ndi supuni, msuzi n'kutsala wabwino wosakola pakhosi.

Za mpunga musaope achemwali, ndi chinthu chosavuta mukasiya kuuvundukula. Utsukeni mpaka madzi ayere. Madzi akhale kapu imodzi ndi theka mpaka awiri pa kapu iliyonse ya mpunga, malinga ndi mtundu wake, inu mukuudziwa womwe mumagula. Ukawira chepetsani moto mpaka pansi penipeni, vundikirani, mphindi 15 mpaka 18 osaugwira. Kenako phulani, muusiye chivundikirire mphindi 10. Wa ulendo watha unapserera chifukwa moto unali wambiri inu muli kwina. Poto wokhuthala kunsi amathandizanso.

Nachisale:
Ndalemba zonsezi. Nkhuku ndigula Lachinayi yowumitsa mufiriji, Lachisanu ndiiviika m'madzi isungunuke, ndiitsuke bwinobwino kenako ndithire mchere.

Mphatso:
Ngati mwagula Lachinayi, ingoiikani m'mbale yakuya pashelefu yapansi ya firiji, pofika Lachisanu madzulo ikhala itasungunuka yokha. Pansi, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Za kutsukazo, ndikudziwa kuti ambiri sandimvera, koma bungwe loona za ukhondo wa zakudya ku UK la Food Standards Agency limalangiza kuti nkhuku yaiwisi isatsukidwe pampopi. Madzi akamathovokera amamwaza tizilombo monga Campylobacter pasinki, pambale zoyandikira, ngakhale pa zovala. Chomwe chimapha tizilomboto ndi moto.

NaNgozo:
Aaa, apa pokha mundikhululukire. Nkhuku yosatsuka ine sindingaiike mupoto. Magazi aja, tinthenga totsalira tija?

Mphatso:
Ndikukumvetsani mayi. Ngati pali zoti muchotse, chotsani ndi mpeni kapena pukutani ndi pepala la kukhitchini n'kulitaya. Ngati mtima sukulolani ndithu, tsukirani m'beseni mwakachetechete, osati pansi pa mpopi wothamanga, ndipo mukatha tsukani beseni, sinki, mpeni, thabwa lodulira ndi manja ndi sopo musanagwire china chilichonse. Chomwe ndimaopa kwambiri ndi thabwa lomwe mwadulira nkhuku kudulirapo kabichi wa saladi, poti saladiyo saona moto.

Aphiri:
Kuwonjezera apo, nkhuku yonyowa khungu lake siliuma bwino mu uvuni, ndiye kupukuta kuli ndi phindu pawiri. Kuti mudziwe kuti yapsa, ngati muli ndi choyezera kutentha chifike madigiri 74 pamnofu wokhuthala osakhudza fupa. Ngati mulibe, bayani pafupi ndi fupa ndi nsonga ya mpeni, madzi otuluka akhale oyera, mnofu usakhale wofiira.

Agogo a Dalitso:
Ana anga, mwakamba zambiri zabwino, koma palibe wafunsa kuti alendowo amadya chiyani. Ine ndinalandirapo mlendo, nditakonza nyama tsiku lonse, pofika patebulo anangotenga mpunga ndi masamba. Anali atasiya nyama zaka zambiri ndipo anachita manyazi kunena. Ndinamuona akukankhira mpunga wouma uku ndi uku m'mbale, akumwetulira kuti ndisadandaule. Mpaka lero ndimakumbuka. Tumizani uthenga lero lomwe, mufunse ngati pali chomwe wina sadya kapena chomwe chimamuwenga. Sichamwano, ndi chikondi.

Nachisale:
Agogo mwandithandiza. Ndafunsa pompano ndipo ayankha. Mayi mmodzi sadya nyama ya mtundu uliwonse, ndipo bambo wina mtedza umawawenga kwambiri, akuti anagonekedwapo m'chipatala. Ndinali nditaganiza zoika mtedza wokazinga patebulo kuti azitafuna podikira! Tsono mutu wayambanso kuzungulira, ndiphikenso china chapadera?

Mayi a Tadala:
Mtima m'malo. Phikani nyemba Lachisanu lomwelo, nazonso zimakoma zikagona. Anyezi, tomato, adyo, karoti, mafuta ophikira, osathiramo msuzi wa nyama kapena timakyubu ta nyama tija. Ndipo muphike zokwanira onse, muziike pakati patebulo ngati chakudya cha aliyense. Mukawapatsa kambale kawokawo mayiwo aoneka ngati odwala. Muona, odya nyama omwewo ndi amene azimalize.

Mphatso:
Ngati ndi nyemba zofiira zikuluzikulu zija, ziviikeni usiku wa Lachinayi, tayani madziwo, ndipo zibwate mwamphamvu mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Zili ndi poizoni wachilengedwe yemwe amatha ndi kubwata kokha, zosapsa bwino zimatsegula m'mimba.

Za mtedzazo musazitenge mopepuka. Kwa anthu ena kachidutswa kakang'ono kamatupitsa kukhosi mpaka kubanika. Usapezeke patebulo n'komwe tsiku limenelo. Werenganinso zolembedwa pabotolo la mafuta ophikira, pa zokometsera zosakanizasakaniza, ndi pa mabisiketi ngati mugule. Ana akapaka chiponde pabuledi m'mawa, mpeni ndi thabwa zitsukidwe bwino.

Aphiri:
Tsopano miphika yotentha yakwana inayi pamoto utatu, koma zitheka, chifukwa mpunga ukaphulidwa puleti yake imatsala yopanda ntchito. Tengani pepala, muyambire nthawi yodyera n'kumabwerera m'mbuyo. Tinene kuti alendo mwawauza 6:30 ndipo mudya 7 koloko.

5 koloko mukhale mutasamba ndi kuvala, chifukwa mukati mudzasamba pomaliza simudzasamba. 5:45 yatsani uvuni. 6 koloko nkhuku ilowe, nyama ikhale pamoto wochepa, muziitakasa mwa apo ndi apo. 6:15 mpunga. 6:35 phulani mpunga, pamalo pakepo ikani nyemba. 6:45 tulutsani nkhuku ipume. Mphindi zotsalazo n'zothira saladi ndi kupakula. Pepalalo limateni pakhoma pafupi ndi sitovu. Mutu wa munthu amene akulandira alendo susunga nthawi, belu likangolira zonse zimabalalika.

Chisomo:
Nanga akachedwa? Anzanga ine ukawauza 6:30 amafika 8 koloko.

Aphiri:
M'pomwe zakudya zimenezi zimaonetsa ubwino wake. Nyama ndi nyemba zikhale pamoto wochepetsetsa, muzithira timadzi zikayamba kuuma. Nkhuku ibwerere mu uvuni mutatsitsa kufika madigiri 90 kapena 100. Mpunga wokha ndi womwe ndingauchedwetse: ngati anthu anu mumawadziwa kuti ndi ochedwa, muutereke pomwe oyamba agogoda. Mphindi 30 zomwe umafuna zimatha anthu akupatsana moni ndi kumwa.

NaNgozo:
Chabwino, mwandigonjetsa pang'ono, ngakhale ine kwanga ndikanawonjezerabe mbatatesi. Koma chimodzi ndikakamira: anthu akafika apeze kanthu koika mkamwa. Munthu wanjala sacheza bwino, amangoyang'ana kukhomo la kukhitchini, ndipo inu mumayamba kupupuluma. Poti mtedza wachoka, dulani karoti ndi nkhaka zazitalizitali m'mawa, kapena kazingani chimanga chophulika masana. Zakumwa ziikeni pamalo amodzi ndi matambula, aliyense azidzithirira. Imeneyo ikhale ntchito ya bambo a kunyumba, pamodzi ndi kutsegula chitseko.

Mayi a Tadala:
Apo ndavomereza ndi manja awiri. Ndipo wina akafunsa kuti tibweretse chiyani, musamati musavutike. Muuzeni abweretse zakumwa. Anthu amasangalala akatengapo mbali.

Saladi tisamuiwale. Ndinati wa kabichi dala, chifukwa letesi amafota msanga. Dulani kabichi mopyapyala kwambiri m'mawa, palani karoti, ikani m'kontena mufiriji. Zothira zake sakanizani m'kabotolo: masupuni atatu a mafuta pa supuni imodzi ya madzi a mandimu kapena viniga, mchere, kashuga pang'ono. Khutchumulani n'kuthira pomwe mukupakula. Mukathira msanga mchere umakoka madzi, pansi pa mbale pamadzaza chithaphwi.

Chisomo:
Zotsekemera bwanji? Ndinaona pa YouTube keke ina yooneka bwino kwambiri, yosanjikiza katatu. Ndikutumizireni?

Agogo a Dalitso:
Mwanawe, imeneyo adzayese tsiku lina ali okha ndi ana. Chomwe sunaphikepo usayambire pa alendo. Uvuni uliwonse uli ndi khalidwe lake, ndipo keke ikakana kufufuma 4 koloko madzulo, mtima wonse umathera pomwepo. Chinanazi ndi chivwende azidule m'mawa, aziike mufiriji zizizire. Nthochi ndi maapozi zimada zikadulidwa, ndiye ngati akuzifuna adule pomaliza n'kufinyira ndimu. Anthu atakhuta nyama amafuna chozizira chopepuka.

Nachisale:
Ndiye zakhala motere: nyama ya msuzi, nyemba, nkhuku ya mu uvuni, mpunga, saladi wa kabichi, zipatso. Ndikawerenga ndi zinthu 6, pafupifupi ngati ulendo watha, koma zoti ndiphike Loweruka ndi ziwiri zokha. Ndidzakuuzani mmene zidzayendere.

Aphiri:
Chomaliza kwa ine: Lachisanu lawani nyama ndi nyemba, koma mchere musafikitse. Msuzi ukamatenthetsedwa umaphwera ndipo mchere umamveka kwambiri. Mudzamalize Loweruka. Ndipo sinki ikhale yopanda kanthu alendo asanafike, kuti mbale zakuda zidzapeze pofikira.

Nachisale:
Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera kudzapereka lipoti monga ndinalonjezera. Lachisanu ndinagona mochedwa, cha m'ma 11, chifukwa nyama inatenga maola atatu athunthu ndipo ndinadikira kuti izizire ndisanaiike mufiriji. Kutopa kunalipo, sindinama. Koma dzulo 5 koloko ndinali nditavala, tebulo litayalidwa, ndipo ndinakhala pampando mphindi zingapo ndikusowa chochita.

Sizinayende zonse ndendende. Uvuni wanga ndi waung'ono, zidutswa 10 zinathinana, ndiye khungu silinaume mmene Aphiri ananenera. Ndinawonjezera mphindi 10 ndipo zinapsa bwino mkati. Banja lina linachedwa ndi theka la ola, ndinatereka mpunga oyamba atafika monga munandiuzira. Mayi osadya nyama aja anabwereza nyemba kawiri, ndipo palibe anazindikira kuti zinaphikidwira iwo. A NaNgozo, chimanga chophulika chinatha chonse tisanayambe kudya.

Ndinadya nawo patebulo chakudya chili chotentha. Mmodzi mwa amayiwo anatifotokozera za matenda a mayi ake, nkhani yomwe akuti anali asanauzepo anthu ambiri, ndipo ndinalipo kuimva kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anapita cha m'ma 10.

Nyama yatsala pafupifupi kontena imodzi, ndinaiika mufiriji titangomaliza kudya. Ingakhale masiku angati?

Mphatso:
Poti inaphikidwa Lachisanu ndipo yatenthetsedwapo kale kamodzi, idyeni lero lomwe, ibwate bwinobwino. Mpunga ngati unakhalitsa patebulo nthawi yonse yocheza ija, umenewo tayani.

NaNgozo:
Ulendo wina nkhukuyo muiike m'mathireyi awiri, kapena muchepetse zikhale 8. Ndipo munditumizire mmene munaphikira nyembazo, apongozi anga akubwera mwezi wamawa.